Maina amene tinapatsa mkwiyo wathu

Mafuta akasowa kwa sabata, mizere ya galimoto n'kufika pokhota m'misewu ya m'makwalala, sipalephera munthu wina wonena kuti, "Anthu amenewa akufuna 20 Julayi ina." Chaka satchula, ndipo palibe amene amamufunsa. Ngakhale mnyamata wa kabaza yemwe mu 2011 anali ku pulayimale amagwedeza mutu, wamva. Tsiku la pa kalendala linasanduka liwu loopsezera. Wandale wotsutsa amalitchula pofuna kuti boma linjenjemere, wa boma amalitchula pofuna kuti anthu akhale m'nyumba, ndipo onse awiri amalitchula mosavuta ngati akutchula dzina la msika.

Kusavuta kumeneku ndiko kumandisowetsa mtendere. Dzina la kuukira kulikonse limayamba lili lolemera, lonunkha utsi, lokhala ndi maliro mkati. Likagwiritsidwa ntchito zaka zambiri limafanana ndi mpini wa khasu umene wasalala ndi manja: sulasanso, aliyense atha kuugwira n'kulimira munda wake. Ndiye ndikufuna kufunsa za maina athu a kuno ku Malawi: anawapereka ndani, anabisa ndani, ndipo lero akulimira munda wa yani?

Ndiyambe ndi 20 Julayi yemweyo, popeza ambiri a ife tinaliona ndi maso. Chaka cha 2011 chinali chowawa. Anthu ankagona pa mafilingi siteshoni ndi zigubu, ena atayala mphasa pambali pa galimoto. Ndalama zakunja kunalibe, magetsi ankangothimathima. Mu Febuluwale mphunzitsi wa ku Chancellor College, a Blessings Chinsinga, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi a Peter Mukhito chifukwa m'kalasi anayerekeza mavuto athu ndi amene anautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anzawo ananyanyala ntchito kwa miyezi. Mu Epulo boma la a Bingu wa Mutharika linapitikitsa kazembe wa dziko la Britain, a Fergus Cochrane-Dyet, ndipo thandizo la ndalama linayamba kuuma. Panalinso malamulo atsopano amene anthu ankadandaula nawo, lina lopatsa nduna mphamvu zoletsa nyuzipepala, lina lovutitsa munthu kutenga chiletso cha khothi polimbana ndi boma. Mabungwe omwe si aboma analemba mfundo 20 n'kuitana anthu kuti atuluke atavala zofiira.

Dzulo lake, pa 19 Julayi, anyamata onyamula zikwanje anazungulira mzinda wa Blantyre pa galimoto za chipani cholamula. Usiku womwewo kunatuluka chiletso cha khothi choimitsa zionetserozo, ndipo m'mawa anthu atasonkhana anapeza apolisi akuwauza kuti abwerere. Mkwiyo unaphulikira pamenepo. Masitolo anathyoledwa, matayala anayaka, utsi wokhetsa misozi unalowa mpaka m'nyumba za anthu, kenaka zipolopolo zenizeni. M'masiku awiri, pa 20 ndi pa 21, anthu pafupifupi 20 anafa, ndipo Mzuzu ndiwo mzinda umene unalira kwambiri. Ena mwa iwo anaikidwa limodzi ku manda a Zolozolo. Dziko la America linaimitsa mgwirizano wa ndalama zokwana madola 350 miliyoni za ntchito ya magetsi.

Zonsezi tinazipinda n'kuziika m'mawu awiri. Sindikunena kuti tinalakwa; munthu sangafotokoze nkhani yonse nthawi iliyonse akafuna kuitchula. Koma taonani zimene zinagwa pansi popindapo. Tsiku la 21 linasowa, ngakhale kuti anthu anafanso tsikulo. Mfundo 20 zija ndi anthu angati angatchuleko zitatu? Ndipo omwalirawo, amene ambiri anali anyamata osauka a m'makomboni, ena mwa iwo osakhala n'komwe pa zionetsero, anasanduka nambala yozungulira bwino yogwirizana ndi tsikulo. Munthu akanena kuti "tibwereze 20 Julayi" ali kumbuyo kwa foni yake pa Facebook, sakuona mayi amene anakazindikira mwana wake ku nyumba ya chisoni. Akuona boma likuchita mantha basi. Ine zimenezo zimandipweteka, chifukwa amene adzagone pa msewu ulendo winawo si iyeyo.

Chinthu chimodzi chokha ndimachiyamikira pa dzinali: silinapatsidwe ndi boma, silinachokere kunja, ndipo silitchula mtsogoleri aliyense. Ndi tsiku chabe, ndipo tsiku ndi la aliyense amene analipo. Anzathu a ku Tunisia sanachite mwayi wotero. Kuukira kwawo kunayamba ndi wogulitsa zipatso wa ku Sidi Bouzid, Mohamed Bouazizi, yemwe anadziyatsa moto pa 17 Disembala 2010 atazunzidwa ndi akuluakulu a mzinda, koma atolankhani akunja anakutcha dzina la duwa, Jasmine Revolution, pamene eni ake ankalankhula za ntchito, ufulu ndi ulemu wa munthu. Dzina lalikulu lija la Arab Spring linaika m'thumba limodzi Tunisia, Egypt, Libya, Yemen ndi Syria, maiko amene mathero awo anasiyana kutalitali.

Tikabwerera m'mbuyo zaka zoposa 100 tipeza vuto lina, la dzina lotchula munthu mmodzi. Timati Nkhondo ya Chilembwe. Atsamunda m'malipoti awo anaitcha kuukira kwa anthu akuda a mu Nyasaland, ngati kuti ndi chipwirikiti cha anthu opanda maina ndi opanda zifukwa, ndiye kuika dzina la Chilembwe patsogolo kunali kubweza ulemu. Mbusayu anaphunzira ku Lynchburg m'dziko la America, anabwerako mu 1900 n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Chakumapeto kwa 1914, nkhondo ya azungu itaphetsa kale anthu akuda ku Karonga, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene mmphawi wa kuno ayenera kufera nkhondo imene sadzapindula nayo kanthu. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anakantha esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero n'kupha William Jervis Livingstone, yemwe ankadziwika ndi nkhanza pa antchito ndiponso kutentha matchalitchi a mpingo wa Chilembwe. Azungu ena awiri anaphedwanso. Amayi ndi ana a azungu sanawapweteke. Gulu lina linapita ku Mandala, ku Blantyre, kukafuna mfuti, koma linapeza zochepa. M'mawa wa Lamulungu mutu wa Livingstone unali m'tchalitchi ku Mbombwe pamene mbusa ankalalikira. Izi sitikonda kuzinena pa 15 Januwale, koma zinachitika. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anaomberedwa akuthawira cha ku malire a Mozambique, ndipo tchalitchi chake chachikulu cha njerwa chinaphulitsidwa.

Nanga enawo? John Gray Kufa, munthu wophunzira za chipatala ku Blantyre Mission, anaphedwa ndi boma. Duncan Njilima, wochita malonda wodziwika, chimodzimodzi. Filipo Chinyama anayesa kudzutsa anthu ku Ntcheu. Ndipo panali khamu la Alomwe ochokera ku Mozambique, amene ankalima thonje ndi fodya m'maesiteti pansi pa thangata, kugwira ntchito miyezi kuti alipire malo ogona ndi msonkho. Amenewa ndiwo ananyamula mikondo usiku uja, ndiwo anasakidwa m'mapiri, nyumba zawo n'kutenthedwa. Mazana anatsekeredwa m'ndende. Dzina la nkhondoyi silinawasiyire malo. Lero nkhope ya Chilembwe ili pa K500 ndi pa K2000, tili ndi tchuthi cha dzina lake, ndipo mu 2022 chiboliboli chake chopangidwa ndi Samson Kambalu chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London, iye atavala chipewa pamaso pa mzungu, chinthu chimene munthu wakuda sankaloledwa nthawi imeneyo. Ndimanyadira zonsezo. Koma chaka ndi chaka andale amapita ku Mbombwe kukanena kuti "tiyeni titengere mtima wa Chilembwe," n'kutanthauza kulimbikira ntchito ndi kukonda dziko, pamene nkhani ya malo, imene inautsa anthu aja, ikadali yosathetsedwa ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene tiyi wafika pakhomo pa anthu opanda munda. Dzina limatchulidwa, dandaulo limene linabereka dzinalo limadumphidwa.

Za 1959 zili ndi maina awiri olimbana. Bwanamkubwa Robert Armitage ndi asilikali ake anatcha ntchito yawo ya m'bandakucha wa pa 3 Malichi kuti Operation Sunrise: kumanga Dr Banda n'kumutumiza ku ndende ya Gwelo, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, kumanganso anthu oposa 1,000 a Nyasaland African Congress, ambiri n'kuwatsekera ku Kanjedza. Ku Nkhata Bay anthu atakhamukira kudoko kumene abale awo anawakweza m'sitima ya Mpasa, asilikali anawombera n'kupha osachepera 20. Bungwe lofufuza la Devlin linawerenga anthu 51 ophedwa m'dziko lonse, ndipo silinapeze umboni wa chiwembu chachikulu chopha azungu chimene boma linkanamizira. Dzina la atsamunda linafa. Lathu, Tsiku la Ofera Dziko, linapambana. Koma amene anakula nthawi ya chipani chimodzi amakumbukira kuti tsikulo linasanduka la mantha. Akuluakulu kwathu amasimba kuti pa 3 Malichi sunkayerekeza kugwira khasu, kuchapa kapena kuseka mokweza, wayilesi inkangoliza nyimbo za maliro, ndipo wopezeka akugwira ntchito ankaona zakuda. Anthu amene anafera ufulu anakhala chifukwa choopsezera anzawo.

Boma lomwelo ndilo linali ndi luso lalikulu lopereka maina. Mu 1964, dziko litangolandira ufulu, nduna zinasemphana ndi Dr Banda pa nkhani zooneka ndi maso: ndalama ya tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala za boma, kuchedwa kokweza Amalawi pa maudindo, malipiro a ogwira ntchito m'boma, ubale ndi Apwitikizi ndi azungu a ku South Africa. A Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo anachotsedwa; a Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Henry Masauko Chipembere anatula pansi maudindo. M'mabuku nkhaniyi imatchedwa Cabinet Crisis, dzina lomveka ngati mkangano wa anthu a masuti m'chipinda china ku Zomba. Koma m'midzi dzina linali lina: zigawenga. Mu Febuluwale 1965 anthu a Chipembere analanda boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, n'kulephera kuoloka Shire pa Liwonde. Medson Silombela ananyongedwa anthu akuonerera mu 1966. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa ndi kagulu kake cha ku Mwanza. Kuchokera pamenepo liwu lakuti chigawenga silinafunenso mfuti. Linkakwanira pa mphunzitsi amene wafunsa funso, pa munthu wa Mboni amene wakana khadi la chipani, pa mlamu amene mukukangana naye malire a munda. Mabanja ankasintha maina, ankabisa zithunzi. Lero mayi Chibambo ali pa K200 ndipo msewu waukulu wa pakati pa Limbe ndi Blantyre ndi wa Masauko Chipembere, koma kuukira kwa 1965 tilibe dzina lina lokutchulira mwaulemu, ndipo anthu wamba a ku Mangochi amene anazunzidwa chifukwa chokhala kwawo kwa Chipembere sitiwatchula konse.

Operation Bwezani ya mu Disembala 1993 ndi dzina limene linakhazikika msanga chifukwa linali lathulathu ndipo linkalamula. Apayoniya, achinyamata onyamula zida a chipani cha Dr Banda, ataombera asilikali ku Mzuzu, gulu la nkhondo linathira nkhondo malikulu ndi misasa yawo kuti abweze zida, ambiri n'kuthawira ku Mozambique. Anthu anaimirira m'mbali mwa misewu akukuwira asilikali. Pambuyo pake liwulo linkamveka paliponse pamene wina akufuna zake zibwerere.

Kuti muone kumene dzina lotchuka lingathe kukafika, yang'anani ku Zimbabwe, kumene abale athu ambiri anakulira m'migodi ndi m'mafamu. Chimurenga choyamba chinali nkhondo ya 1896 ndi 1897 yolimbana ndi azungu a Cecil Rhodes, ya Nehanda ndi Kaguvi. Omenyera ufulu a zaka za m'ma 1970 anatenga dzinalo n'kutcha nkhondo yawo Chimurenga chachiwiri, ndipo linawayenera. Koma kuyambira mu 2000 boma la Robert Mugabe linatcha kulanda mafamu Chimurenga chachitatu, kotero kuti aliyense wofunsa mafunso anakhala wogulitsa dziko. Pakati pa anthu amene anataya ntchito ndi pogona m'mafamu aja panali ambiri a makolo ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, amene analibe mudzi wothawirako ngakhale chitupa cha unzika. Dzina lobadwa kwa oponderezedwa linagwiritsidwa ntchito pa oponderezedwa ena. Ku Zambia zinayenda mofatsa: Cha Cha Cha, kugalukira atsamunda kwa 1961 pamene anthu ankatseka misewu ndi kutentha zitupa, lero ambiri amaidziwa ngati msewu wa masitolo mu Lusaka.

Pali dzina lina limene ndimalimva anthu akuseka, ine mtima n'kuwawa. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 tinachitcha cha Tippex, chifukwa cha mankhwala ofufutira amene anapezeka pa mapepala a zotsatira. Dzina limenelo linagwira ntchito yabwino: linafotokozera agogo kumudzi nkhani yonse ya kubera mavoti m'liwu limodzi, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 khothi linathetsa chisankhocho. M'miyezi ya zionetsero zimene bungwe loteteza ufulu wa anthu la HRDC linkatsogolera, anyamata a ku Msundwe, pa msewu wa Lilongwe kupita ku Mchinji, anatchuka ndi kulimba mtima, anthu n'kuyamba kunena za "Msundwe Barracks." Anakhala nthabwala ya pa WhatsApp: zinthu zikavuta, tiitane a ku Msundwe. Koma mu Okutobala 2019 wapolisi, munthu amene anali ndi abale ake, anaphedwa ndi khamu kumeneko, ndipo apolisi atapita kukabwezera, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, ku Mpingu ndi ku M'bwatalika anagwiriridwa m'nyumba ndi m'masitolo mwawo. Mu 2020 khothi lalikulu linalamula kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipukutamisozi. Amayi amenewo akukhalabe komweko, akupita ku chigayo ndi ku tchalitchi komweko. Dzina la mudzi wawo likatchulidwa m'tauni anthu amaseka. M'nthabwala ija mulibe wapolisi uja, mulibe amayi aja, ndipo mulibe alimi wamba a deralo amene mpaka lero akatchula kwawo amayang'anidwa ngati anthu achiwawa.

Wina anganene kuti, ngati maina amabisa zambiri chotere, bwanji osangowasiya? Ayi, ndipo chifukwa chake chili mu Meyi 1992.

Nkhani ya mmene matipati anabwerera timaifotokoza mwa ndondomeko imodzi. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anavotera nyali, chizindikiro cha matipati. Zitatu zonsezi zili ndi maina ogwirika: Kalata, Chihana, Riferendamu. Koma pakati pake pali sabata yoyamba ya Meyi 1992, pamene ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre anachita sitalaka pofuna malipiro abwino. Antchito a makampani ena anawatsatira, anyamata a ku Ndirande ndi makomboni ena analowerera, masitolo a PTC, amene anthu ankawaona ngati chuma cha Kamuzu, anathyoledwa, ndipo moto unafika ku Lilongwe ndi m'maesiteti a tiyi. Apolisi ndi apayoniya anaombera. Anthu pafupifupi 40 anafa. M'dziko limene kwa zaka pafupifupi 30 munthu ankaopa ndi mkazi wake yemwe, anthu osoka nsalu, olondera ndi onyamula katundu anatuluka masanasana. Mwezi womwewo maiko othandiza atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lonse kupatula la mwadzidzidzi, ndipo pofika Okutobala Dr Banda analengeza za riferendamu.

Anthu amene anafa sabata imeneyo ndi ochuluka kuwirikiza pafupifupi kawiri kuposa a 20 Julayi. Koma kuukira kwawo sikunapatsidwe dzina. Boma la nthawiyo linati ndi zipolowe za akuba. Zipani zimene zinabwera pambuyo zinali ndi ngwazi zawozawo zoti zikweze, ndipo antchito a pa fakitale sanali a chipani chilichonse, analibe mtsogoleri wa suti woti nkhope yake ikhale pa chitenje. Chotsatira chake n'chakuti mwana wa Fomu 4 atha kukuuzani tsiku la kalata ya maepiskopi ndi tsiku la riferendamu osaphonya, koma za sitalaka ya Meyi sanamvepo, ngakhale atakhala kuti akukhala ku Ndirande komweko ndipo agogo ake anali m'gulu la othamangitsidwa ndi zipolopolo pa Ginnery Corner. Mukafunsa achikulire a m'deralo amayamba ayang'ana kumwamba kufunafuna mawu, kenaka amati, "Mukunena nthawi ya sitalaka ija?" Ndipo kuti mumvane muyenera kuyamba mwalongosola kuti ndi sitalaka iti, ya chaka chiti, chifukwa masitalaka akhala ambiri kuchokera nthawi imeneyo.